Mnofu ukatupa, ndigone kapena ndichite mafizo?

Zaka zitatu zapitazo, m'teremu yachiwiri, ndinali kutsogolo kwa kalasi ya Fomu 3 ndikujambula mtima pa bolodi. Nditafuna kulemba mutu wa phunziro pamwamba penipeni, mkono unangofika molingana ndi phewa n'kukana. Sikuti unkapweteka kwambiri ayi, unangolemera ngati wamangiriridwa njerwa. Mtsikana wina wa kutsogolo anati, "Madamu, ndikulembereni?" Ndinaseka n'kumupatsa choko, koma mumtima ndinachita mantha. Pajatu sabata yomweyo kondakitala anachita kundikoka kuti ndikwere minibasi, ndipo kuchimbudzi, pepani kunena, ndikanyonyomala ndinkadzuka chogwira khoma.

Kunyumba aliyense anali ndi yankho lake. Ena ankati ndi malungo obisala, ena nyamakazi, ena ankanong'ona kuti pali amene wandichita chipongwe kuntchito. Patapita miyezi ingapo ndikuyezedwa uku ndi uku, adokotala a pachipatala china chachikulu anandiuza dzina la matendawa: dermatomyositis. Lero ndikufuna tikambirane funso limene linandisowetsa tulo nthawi imeneyo. Mnofu ukamadwala, uyenera kupumula kapena kugwira ntchito? Yankho lake lili m'Bayoloje ndi Fizikisi yomwe mukuphunzirayi.

Poyamba, mnofu umagwira bwanji ntchito?

Thupi la munthu lili ndi minofu yoposa 600 yomwe imakoka mafupa, ndipo mwa munthu wamkulu minofu imeneyi imatenga pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse a kulemera kwake. Mnofu uliwonse ndi mtolo wa maselo aataliatali ooneka ngati ulusi. M'kati mwa selo lililonse muli mapuloteni awiri ofunika, actin ndi myosin.

Taganizirani munthu amene akutunga madzi pachitsime chakuya. Amagwira chingwe, kukoka, kusiya, kugwiranso patsogolo, kukokanso. Timitu ta myosin timachita chimodzimodzi pa ulusi wa actin, ndipo tikakoka tonse pamodzi mnofu umafupika, fupa n'kusuntha. Kukoka kulikonse kumadya mphamvu ya ATP, yomwe yambiri imapangidwa mu mitochondria pogwiritsa ntchito shuga, mafuta ndi okosijeni wobwera ndi magazi. Mfundo yoti ulusi uwiriwu umatsetserekerana inafotokozedwa mu 1954 ndi magulu awiri a asayansi: Andrew Huxley ndi Rolf Niedergerke mbali ina, Hugh Huxley ndi Jean Hanson mbali inayo. A Huxley awiriwa sanali pachibale, anangofanana dzina.

Ndiye kuti mnofu ukoke bwino pafunika maselo athanzi, timitsempha ta magazi tabwino, ndi uthenga wochokera ku ubongo. Chimodzi chikasokonekera, mphamvu imachepa.

Asilikali akatembenukira kwawo komwe

Mawu akuti myositis anachokera ku Chigiriki: myo ndi mnofu, itis ndi kutupa. Koma kutupa kwake sikuti mwendo umafufuma ngati wolumidwa ndi njuchi. Ndi kutupa kwa m'kati, kooneka pa maikulosikopu. Chitetezo cha m'thupi, asilikali aja amene ntchito yawo ndi kulimbana ndi tizilombo, amalakwitsa mdani n'kuyamba kuwononga maselo a minofu kapena timitsempha towadyetsa. Matendawa si opatsirana. Simungawatenge podyera mbale imodzi kapena kukhala desiki imodzi ndi wodwala.

Ali m'mitundu ingapo. Polymyositis imafooketsa minofu yoyandikana ndi thunthu la thupi: ntchafu, chiuno, mapewa ndi khosi, mbali zonse ziwiri. Dermatomyositis imachita zomwezo koma imagwiranso khungu, makamaka zikope, mfundo za zala, zigongono ndi pachifuwa. Mabuku ambiri amati zidzolo zake n'zofiirira, koma pakhungu lakuda ngati langali zinkaoneka ngati mawanga akuda kwambiri okakala, ndipo n'chifukwa chake zimaphonyeka mosavuta. Mtundu umenewu umagwiranso ana, atsikana kuposa anyamata. Palinso inclusion body myositis, yomwe kawirikawiri imayamba munthu atapitirira zaka 50, imafooketsa kutsogolo kwa ntchafu ndi minofu yopinda zala, ndipo simva mankhwala ngati inzake ija.

Maselo a mnofu akang'ambika, puloteni ina yotchedwa creatine kinase, mwachidule CK, imatayikira m'magazi. Malabu ambiri amaika malire ake pafupi ndi 200 pa lita, ngakhale kuti anthu akuda athanzi nthawi zambiri CK yawo imakhala yokwererapo kuposa ya azungu. Mwa wodwala myositis imatha kukwera kakhumi kapena kuposa apo. Madokotala amaonanso MRI, amayeza magetsi a m'mnofu, kapena kudula kachidutswa kakang'ono ka mnofu n'kukaunika.

Apa nditsindike chinthu chimodzi chofunika kwathu kuno. Pali matenda ena otchedwa pyomyositis, ofala m'mayiko otentha, omwe ndi chithupsa cha m'kati mwa mnofu, nthawi zambiri pantchafu. Amayamba ndi bakiteriya, makamaka Staphylococcus aureus. Malo amodzi amatupa, kutentha, kuwawa koopsa, thupi n'kumatenthanso. Amenewo safuna mafizo, amafuna maantibayotiki ndi kuchotsa mafinya kuchipatala. Kachilombo ka HIV nakonso kamatha kufooketsa minofu. Ndiye musadziyeze nokha. Zonse zimene ndinene m'munsimu n'za munthu amene adokotala amupeza ndi myositis ya chitetezo cha m'thupi, wayamba mankhwala, ndipo amuloleza kuchita mafizo.

"Gona, mwana wanga"

Nditatuluka m'chipatala mayi anga anabwera kudzandisamalira. Lamulo lawo linali limodzi: "Gona, mwana wanga, usagwire kanthu. Wodwala sayendayenda." Madzi akumwa ankandibweretsera pabedi, ngakhale kupesa tsitsi ankandipesa okha. Ndikuuzeni, mayi sankalakwa mwadala, chifukwa kwa zaka zambiri madokotala enieniwo ankalangiza zomwezo. Ankaganiza kuti kugwiritsa ntchito mnofu wotupa n'kuthira palafini pamoto.

Vuto n'lakuti mnofu wosagwira ntchito umafota, ngakhale mwa munthu wabwinobwino. Mu 1966 ku Dallas, m'dziko la America, anyamata asanu athanzi a zaka 20 anagonekedwa pabedi masabata atatu. Atadzuka, mphamvu ya matupi awo yogwiritsa ntchito okosijeni inali itatsika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anayi. Patatha zaka 30 anawayezanso anthu omwewo, ndipo anapeza kuti masabata atatu apabedi aja anawafooketsa kuposa mmene zaka 30 za kukalamba zinachitira. Tangoganizani!

Kwa wodwala myositis adani amakhala atatu. Woyamba ndi matendawo. Wachiwiri ndi kugona. Wachitatu, modabwitsa, ndi mankhwala omwe. Prednisolone, yemwe amaziziritsa chitetezo cholusacho ndipo wapulumutsa miyoyo yambiri, akamwedwa wambiri kwa nthawi yaitali amafooketsanso minofu ya m'ntchafu ndi kufewetsa mafupa. Mankhwala amalimbana ndi mdani woyamba yekha. Enawo amafuna kusuntha thupi.

Maganizo a madokotala anayamba kusintha m'zaka za m'ma 1990. Mu 1999, Helene Alexanderson ndi anzake a ku Karolinska mumzinda wa Stockholm ku Sweden anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa odwala khumi a polymyositis ndi dermatomyositis. Odwalawo ankachita mafizo kunyumba kwawo mphindi 15, n'kuyenda mphindi zina 15, masiku asanu pa sabata, kwa masabata 12. Pomaliza CK sinakwere, MRI ndi tizidutswa ta minofu sizinaonetse kutupa kowonjezereka, ndipo odwalawo ankatha kuchita zambiri kuposa poyamba. Anthu khumi ndi ochepa, n'zoona, ndipo wasayansi wabwino sakhutira ndi kafukufuku mmodzi. Koma akafukufuku ena otsatira, kuphatikizapo a odwala ongoyamba kumene mankhwala, anapeza zofanana. Panopa mafizo oyezedwa bwino amawerengedwa ngati gawo la chithandizo.

Chifukwa chake n'chomveka. Mnofu wogwira ntchito umachulukitsa mitochondria ndi timitsempha ta magazi, ndipo maselo amene matenda sanawakhudze amakula n'kuthandiza anzawo. Komanso mnofu ukamakoka umatulutsa timapuloteni totchedwa myokines, ndipo tina mwa ito timathandiza kuchepetsa kutupa m'thupi.

Amene anawatembenuza mayi anga si ine ayi, ndi dokotala wa mafizo. Anawauza mwaulemu kuti, "Amayi, mukapitiriza kuwachitira chilichonse, matenda adzazizira koma miyendo idzakhala itaiwala ntchito. Muziwathandiza poima pafupi, osati powanyamula." Kuyambira tsiku limenelo mayi anasanduka kapitawo wowerenga: wanu, thuu, fili.

Zimene ndimachita pakhomo

Ndondomeko iyi anandikonzera ine malinga ndi mphamvu zanga, ndiye wina asangoikopera. Ndikuilemba kuti muone nzeru yake. Ku Malawi madokotala a mafizo amapezeka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ndipo a pachipatala cha boma angakutumizeni kumeneko.

Zipangizo zanga ndi mpando wolimba wokhala ndi mogwira, khoma, bedi ndi mabotolo a madzi. Basi.

1. Kutenthetsa thupi. Mphindi zisanu ndili pampando, ndimaguba ndi miyendo ndi kuzunguliza mapewa, kuti magazi ayambe kuthamangira ku minofu.
2. Kudzuka pampando n'kukhalanso. Mpando ndimautsamiritsa kukhoma kuti usatsetsereke. Poyamba ndinkaikapo pilo kuti ukwere, ndipo ndinkadzikankha ndi manja.
3. Kuwongola bondo. Ndili chikhalire ndimawongola mwendo umodzi, kuwerenga mpaka 3, n'kuutsitsa.
4. Kukweza chiuno. Chogona chagada pabedi, maondo opinda, ndimanyamula matako pang'ono. Ndimachitira pabedi osati pamphasa, chifukwa kudzuka pansi ndiye ntchito yovuta kwambiri kwa munthu wofooka ntchafu.
5. Kuima ndi zala za kumapazi, manja atagwira tebulo.
6. Kukwera khoma ndi zala za kumanja, ngati kangaude, mpaka pamene mkono walekeza. Ndinkaika kachizindikiro ka choko sabata iliyonse.
7. Kupinda chigongono ndi botolo la madzi m'manja.
8. Kuyenda pamalo athyathyathya, kenako kudziwongola pang'onopang'ono masekondi 20 mpaka 30 mbali iliyonse, osadzikakamiza mpaka kumva kuwawa.

Ndinayamba ndi kasanu chilichonse, ndi kuyenda mphindi zisanu. Lamulo linali loti ndiziwonjezera chinthu chimodzi pa nthawi: kaya maulendo, kaya kulemera, kaya mphindi, koma osati zonse pamodzi. Mpweya osaugwira, ndimapumira kunja pamene ndikudzuka kapena kukweza.

Apa Fizikisi imalowapo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye botolo la 500 ml ndi theka la kilogalamu, pafupifupi 5 N. Mukaligwira mkono uli wowongoka cham'mbali, botolo lili masentimita 60 kuchokera paphewa, moment yake ndi 5 × 0.6 = 3 Nm. Mukapinda chigongono kuti botolo libwere pa masentimita 30, imatsika kufika 1.5 Nm. Botolo ndi lomwelo, koma katundu amene likupereka paphewa wachepa ndi theka. Ndi mmenenso mpando wautali umapeputsira kudzuka: maondo sapindika kwambiri, ndipo thupi limakwezedwa mtunda waufupi. Munthu wofooka safunika kusiya masewera, amangofunika kufupikitsa mtunda.

Ndingadziwe bwanji kuti ndapyola muyeso?

Katswiri wina wa ku Sweden, Gunnar Borg, anakonza sikelo yoti munthu azidziyeza yekha kutopa, ndipo mtundu wake wina umayambira pa 0 mpaka 10. Pa 0 wangokhala, pa 10 watheratu. Ine anandiuza kuti poyamba ndizikhala pakati pa 3 ndi 5. Njira ina yosavuta ndi kulankhula. Ngati ndikuyenda ndipo ndikutha kucheza ndi mayi ziganizo zathunthu, zili bwino. Ngati mawu akuduka, ndathamanga.

Muyeso wachitatu ndi wa mawa lake. Kuphwanya pang'ono kwa minofu pambuyo pa ntchito yatsopano kumachitikira aliyense, kumakula pakati pa maola 24 ndi 72 kenako n'kutha. Koma ngati mawa lake ndikulephera chinthu chimene dzulo ndinachita, monga kudzuka pampando womwe uja, ndiye kuti ndinapitirira. Ndimabwerera m'mbuyo sitepe imodzi. Kufookako kukapitirira masiku angapo ndimapita kuchipatala, chifukwa mwina matenda ayambiranso.

Dziwaninso kuti mnofu umang'ambika kwambiri pamene ukugwira katundu uku ukutalika, monga potsika phiri, potsika masitepe kapena potula chinthu cholemera. N'chifukwa chake miyendo imawawa kwambiri mukatsika phiri la Mulanje kuposa pokwera. Kwa ine mtsetse ndi woopsa kuposa chitunda.

Tsiku limene ndinadziona ngati ndachira

Patatha miyezi inayi ndinayamba kudzimva. Tsiku lina madzi anasiya kutuluka pampopi, mayi atapita kumsika. Ndinati aaa, kodi mpaka liti ndizidikira anthu? Ndinatenga chigubu cha malita 20 kupita kumjigo, dzuwa lili paliwombo. Inu werengani nokha: malita 20 ndi makilogalamu 20, pamene ine kunyumba ndinali pa botolo la lita imodzi. Mayi wina anandisenza, ndinayenda mwina mamita 50, pa kamtsetse kena bondo linangopinda lokha. Ndinagwa, chigubu uko, ine uku, ndipo sindinathe kudzuka mpaka anyamata awiri anandinyamula. Mwayi sindinathyoke, pajatu mafupa anga anali atamwa prednisolone miyezi yonseyo. Masiku anayi ndinali chigonere, zidzolo za pachifuwa zinayambiranso chifukwa cha dzuwa, ndipo kachizindikiro kanga ka choko pakhoma kanatsika ndi chikhatho chathunthu.

Dokotala wa mafizo sanandikalipire. Anangoti, "Aphunzitsi, mwana wa Fomu 1 mungamupatse mayeso a MSCE?" Ndinalibe choyankha. Tinayambiranso pa kasanu.

Kuchokera pamenepo ndimachita mafizo m'mawa kapena madzulo, pamthunzi, chifukwa kuwala kwa UV kumadzutsa zidzolo za dermatomyositis. Ndimavala nsapato zogwira phazi osati masilipasi, ndimachotsa mphasa ndi zingwe pansi, ndipo foni imakhala m'thumba. Ndimayesetsa kudya zomanga thupi monga nyemba, nandolo, soya, mazira ndi mtedza, komanso usipa ndi matemba zomwe timadya ndi minga yomwe, chifukwa muli kashiamu. Mankhwala sindidumphitsa. Prednisolone sasiyidwa mwadzidzidzi, chifukwa tiziwalo ta adrenal tokhala pamwamba pa impso timakhala titachepetsa kupanga cortisol wathu wachibadwa, ndipo timafuna nthawi kuti tidzukenso. Ndikakhala ndi tsiku loyezetsa magazi, masiku angapo asanafike sindiwonjezera mafizo, chifukwa ntchito yolemetsa imakweza CK ngakhale mwa munthu wathanzi.

Zizindikiro zoti siyani, thamangirani kuchipatala

- Mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Akhoza kukhala myoglobin wotuluka m'minofu yowonongeka, ndipo amaononga impso. Malungo aakulu nawonso amatha kudetsa mkodzo, ndiye zonsezi n'zakuchipatala tsiku lomwelo.
- Kubanika pa ntchito yochepa, kapena chifuwa chouma chosatha. Myositis imatha kugwira mapapo.
- Kupweteka pachifuwa, mtima kugunda modumphadumpha, chizungulire kapena kukomoka. Mtima nawonso ndi mnofu.
- Kutsamwa pafupipafupi, kuvutika kumeza, kapena mawu kusintha.
- Kutentha thupi. Munthu womwa mankhwala ochepetsa chitetezo sadikira kuti aone mawa, ndipo tsiku limenelo mafizo palibe.
- Kugwa kenako n'kumamva kuwawa msana kapena chiuno.

Yesani izi m'kalasi

Izi n'za amene muli bwino m'thupi. Khalani awiriawiri. Wina awerenge kugunda kwa mtima pamkono masekondi 15 n'kuchulukitsa ndi 4. Mwa munthu wamkulu wopumula kumakhala pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi. Kenako akhale pampando, manja atapingasa pachifuwa, adzuke n'kukhala kwa masekondi 30, mnzake akuwerenga. Yezaninso mtima, ndipo adzipatse nambala pa sikelo ya 0 mpaka 10. Akapumula mphindi zisanu, abwereze pa benchi yaifupi kapena chitepe cha khonde. Lembani zonse m'tebulo, kenako yankhani:

1. N'chifukwa chiyani mpando waufupi unali wovuta?
2. Ndi minofu iti inagwira ntchito podzuka, nanga inkafupika kapena kutalika pokhala pansi?
3. Mnzanu wadwala dermatomyositis ndipo agogo ake akuti agone miyezi itatu osadzuka. Mungawafotokozere bwanji mwaulemu, m'ziganizo zinayi?

Funso lachitatuli ndi limene ndikufuna mulilingalire kwambiri. Ndipo ngati m'kalasi mwanu muli mnzanu amene wayamba kudzuka pansi chokwera ntchafu zake ndi manja, amatsalira pokwera masitepe, kapena ali ndi mawanga achilendo pazikope ndi pamfundo za zala, musamutche waulesi. Kadzukidwe kameneko madokotala amakatcha chizindikiro cha Gowers, ndipo kamasonyeza kufooka kwa chiuno ndi ntchafu. Uzani aphunzitsi kapena makolo ake kuti akayezedwe.

Ine sindinachire kotheratu. Mankhwala ndikumwabe, ngakhale achepa, ndipo pali masiku ena amene thupi limakana, ndimangotenthetsa thupi ndi kudziwongola basi. Chigubu cha malita 20 sindinasenzenso, ndimatunga ndi ka malita asanu maulendo angapo. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Teremu yathayi ndinalemba ndekha mutu wa phunziro pamwamba pa bolodi, ndipo ana a Fomu 3 a chaka chino sanaone chachilendo chilichonse. Mayankho anu a mafunso atatu aja mundilembere m'munsimu, sabata yamawa tidzaona za mtima ndi mmene umasinthira munthu akamachita masewera olimbitsa thupi.